Lachisanu Loyamba ku Mtima Woyera

Ku Area 11 ku Lilongwe mipanda ndi yaitali, agalu ndiwo amalandira alendo. Komabe madzulo ena mumamva kolona ikuyankhidwa kuseri kwa geti: mphakati wakumana. Bwana ndi mlonda wake agwada pamkeka umodzi. Mwambo wa miphakati anaulimbikitsa Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndipo mpaka lero sunazilale.

Koma ine amandigwira mtima ndi amayi a Lachisanu loyamba la mwezi. Kusanache amakhala ali pa minibasi, ena kupita ku Maula, ena ku parishi ya Mtima Woyera ku Old Town, kukalapa, kukalandira Ukaristia, n'kupepesa Mtima wa Yesu chifukwa cha machimo, awo ndi a ena omwe. Mwambowu unachokera kwa Margaret Mary Alacoque, sisitere wa ku Paray-le-Monial ku France, m'zaka za m'ma 1670.

Taonani agogo awo pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi. Mikanda ya kolona yawo inachita kusalala ndi zala, pamene panaduka anamangapo ulusi. Misa itatha onse atuluka, iwo adakagwadabe, chitenje atachiyala pansi pa mawondo.