Narcos: Mexico: Maliro a Camarena, Nyimbo Zotamanda Womupha

Ndidatha mausiku atatu ndikuonera zigawo khumi zoyambirira za filimu ya Narcos: Mexico, imene a Netflix adatulutsa m'chaka cha 2018. Nditazimitsa kanema ndidadzifunsa kuti, pa anthu onse ndaonawa, wanditsalira m'mutu ndani? Yankho lake lidandichititsa manyazi. Sadali wapolisi amene adaphedwa uja ayi. Adali bwana wa omupha, atatchena suti yosita bwino, akuyankhula motsitsa mawu ngati mkulu wa mpingo.

Kwa inu amene simudaionere, gwero la nkhaniyi ndi zinthu zimene zidachitikadi. Enrique Camarena, yemwe anzake ankamutcha Kiki, adali wapolisi wa DEA, nthambi ya boma la America yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ankagwira ntchito mumzinda wa Guadalajara ku Mexico. Mu Novembala 1984 asilikali a dzikolo adaononga chimunda cha chamba cha Rancho Búfalo ku Chihuahua, eni munda n'kuloza chala Camarena. Pa 7 Febuluwale 1985 adamugwira dzuwa likuswa mtengo, akupita kukadya nkhomaliro ndi mkazi wake. Adamuzunza koopsa uku akujambula mawu ake pa tepi. Mtembo wake udapezeka pa 5 Malichi m'dera la Michoacán. Adali ndi zaka 37, ndipo adasiya mkazi ndi ana aamuna atatu.

Poyamikira tiyamikire. Michael Peña sadasewere Camarena ngati Rambo wa m'mavidiyo athu a m'tauni aja. Watipatsa munthu wamba, wamakani, wosachedwa kupsa mtima, amene akutopa kwambiri ndi mabwana oopa kusaina pepala kusiyana ndi zigawenga zenizenizo. Filimuyi siyikubisanso kuti apolisi ena ndi akazitape a boma la Mexico ankadyera mbale imodzi ndi ogulitsa mankhwalawo. Chimene chidapha Camarena si mfuti chabe, komanso ziphuphu. Apa olemba adalasa.

Koma taonani m'mene adagawira ndiwo. Miguel Ángel Félix Gallardo, yemwe akuseweredwa ndi Diego Luna, ndiye wapatsidwa nthuli zonse. Timamuona akuchoka ku Sinaloa ali kapolisi wosanunkha kanthu, akugwirizanitsa magulu odana, akumanga ufumu, akukayika, akusowa tulo. Ndiye amene ali ndi maloto, ndipo woonera aliyense amatsata mwini maloto. Camarena naye ali ndi khama lake, koma ulendo wake ukuthera pampando, atamangidwa, kamera ikuchedwa pa mabala ake. Winayo tamulowa mumtima, uyu tangomuona thupi likuphwanyidwa. Pofika kumapeto umapezeka ukudera nkhawa wakupha kuti kaya apulumuka bwanji. Abale, si zamanyazi izi?

Chachiwiri chikundiwawa koposa. Tsiku limene adagwira Camarena adagwiranso Alfredo Zavala Avelar, mbadwa ya Mexico, woyendetsa ndege amene ankamuthandiza kupeza minda ya chamba. Naye adazunzidwa, naye adaphedwa, ndipo mitembo yawo idapezeka pamodzi. Ku America amakumbukira Camarena chaka ndi chaka mu Okutobala, pa sabata ya Red Ribbon, ana asukulu atavala maliboni ofiira. Nanga Zavala? Filimuyi idali ndi mpata wokonza tsankho limeneli, koma siyidamupatse malo omuyenera. Ngakhale wofotokoza nkhani yonseyi ndi wapolisi wa ku America, Walt Breslin, munthu wongopeka. M'mawu a mlendo ameneyu anthu a ku Mexico akufa ngati nkhuku za chitopa, opanda wowerenga. Kwathu kuno timati maliro n'kulirana. Pabwalo pagona mitembo iwiri, sungalire umodzi wokha chifukwa uli ndi abale olemera.

Ndikudziwa ena anena kuti iwe mlakatuli, filimu si ulaliki, ndipo tambwali amakoma m'nkhani iliyonse. Zoonadi, ngakhale m'nthano za agogo tinkaombera m'manja Kalulu, osati Njovu yopusitsidwayo. Ine sindikupempha kuti chigawenga achijambule ndi nyanga. Koma Kalulu sadasiyepo mwana wa munthu ali wamasiye. Ukatenga imfa yeniyeni, ya munthu amene manda ake alipo, n'kuisandutsa malonda, uli ndi ngongole kwa malemuyo. Ngongoleyo yabwezedwa theka.

Pali funso lina limene zigawo khumizi zikulizemba: kodi Camarena adafera chiyani? Félix Gallardo adamangidwa mu 1989, koma ufumu wake udangogawika m'magulu a Tijuana, Juárez ndi Sinaloa, katundu n'kumawolokabe malire. Rafael Caro Quintero, mwini munda uja, adagwidwa ku Costa Rica mu 1985, khoti lidamutulutsa mu 2013, adagwidwanso mu 2022, ndipo mu Febuluwale 2025 adaperekedwa m'manja mwa America. Mlandu suola, n'zoona. Koma ku California, kumene Camarena adakulira m'tauni ya Calexico, anthu adavota mu 2016 kuloleza chamba, ndipo mu 2018, chaka chimene filimuyi idatuluka, chidayamba kugulitsidwa m'masitolo boma likutolera msonkho. Izi sizikuchepetsa kulimba mtima kwa malemuyo. Zikungoonetsa kuti amene amatuma ali ndi ufulu wosintha maganizo, pamene wotumidwa sadzuka m'manda. Mlembi wolimba chiwindi akadaima pamenepa n'kutifunsa tonse.

Kodi ndikuti musaionere? Ayi ndithu, ioneleni. Idajambulidwa mwaluso, ochita sewero akuyankhula Chisipanishi chawo osati Chingerezi chokakamiza, ndipo simugona nayo tulo. Koma mukamaliza, dzifunseni funso ndidadzifunsa lija. Mukapeza kuti mwatsala ndi suti ya Félix Gallardo m'maso, monga ndidachitira ine, tchulani mokweza maina awiri awa musanakagone: Enrique Camarena ndi Alfredo Zavala Avelar.