Mabokosi asanu sakwanira ku Minga

Masewera a Wordle savuta kuwafotokoza. Pali mabokosi asanu ndi mawu obisika a zilembo zisanu, ndipo wosewera amapatsidwa mwayi woyesa kasanu ndi kamodzi basi. Chilembo chikagwera pamalo pake bokosi limabiriwira, chikakhala kuti chilimo koma chasochera limachita chikasu, chikakhala kuti mulibe limatuwa. Anawapanga ndi Josh Wardle, katswiri wa makompyuta wa ku Wales amene ankakhala ku Brooklyn. Anawatsegulira anthu onse mu Okutobala 2021, ndipo mu Januwale 2022 nyuzipepala ya New York Times inawagula. Kuyambira pamenepo anthu a zilankhulo zambirimbiri akhala akukopera mabokosi omwewo, ndipo amene angafune kupangira ophunzira Chinyanja masewera a tsiku ndi tsiku dzanja lidzamuyabwa kuti achite chimodzimodzi. Asathamange. Ayambe waganizira mwana wa ku Minga.

Minga ili m'boma la Petauke, cha kufupi ndi msewu wa Great East popita ku Nyimba, ndipo ansembe a White Fathers anatsegulako mishoni mu 1923. Kumeneko ndi kwa Ansenga, anthu a Kalindawalo. Pakhomo mwana amalankhula Chinsenga, koma m'kalasi amakumana ndi Chinyanja, popeza pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia linasankhira masukulu, chigawo cha Kum'mawa chinagawiridwa Chinyanja. Ziwirizi n'zapachibale, koma si chimodzi. Mwanayu akuphunzira chilankhulo chachiwiri ngakhale palibe amamuwerengera choncho. Pambali pake taikanipo namwino wolankhula Chibemba amene wangotumizidwa kumene kuchokera ku Copperbelt. Masewera abwino ayenera kuwakomera onse awiri.

Vuto loyamba lili m'bokosi momwemo. Mawu a Chinyanja amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye bokosi lomaliza silibisa kanthu kwenikweni. Mukalowetsamo aneni zinthu zimaipiratu: kudya, kumwa, kugwa, kupha, kutha, kuswa. Onsewa ndi a zilembo zisanu, onsewa akuyamba ndi ku n'kuthera pa a. Wosewera akangoona mabokosi atatuwo abiriwira, nzeru zatha ntchito, chatsala n'kungoponya mwayi pa mabokosi awiri apakati. Chingerezi chimalola mabokosi asanu chifukwa kalembedwe kake n'kosokonekera, ndipo kusokonekerako ndiko kumakometsa masewerawo. Chathu chimalembedwa monga momwe chimamvekera, choncho chobisa chiyenera kufunidwa kwina.

Komanso chilembo si ndicho chimene khutu lathu limamva. Ufa ndi mawu a zilembo zitatu, nkhwangwa ndi a zilembo zisanu ndi zinayi, koma pakamwa onsewa amagunda kawiri: u-fa, nkhwa-ngwa. Nanga kampumiro ka mu ng'ombe mudzakapatsa bokosi lakelake? Aliyense amene anadutsa m'kalasi yoyamba akukumbukira kuti sitinaphunzire kuwerenga ndi zilembo zokhazokha, tinaimba ma me mi mo mu mpaka kukhosi kuuma. Ngakhale GraphoGame, masewera a pafoni ophunzitsa kuwerenga amene anapangidwa ku yunivesite ya Jyväskylä ku Finland motsogozedwa ndi Heikki Lyytinen, amayenda njira yomweyo: liwu, kenako phatikizo, kenako mawu athunthu. A Chinyanja anayesedwa pa ana a giredi 1 ku Lusaka mogwirizana ndi University of Zambia, ndipo phindu linaoneka kwambiri kumene mphunzitsi nayenso anasewera. Mfundo ya mphunzitsiyi tiisunge.

Ndiye ine ndikuti bokosi lililonse likhale phatikizo. Mabokosi atatu akwanira: chi-ma-nga, su-ku-lu, ka-lu-lu, ma-u-ngu. Wina atsutsa kuti maphatikizo ndi ochuluka zedi kuyerekeza ndi zilembo 26, moti wophunzira adzasowa poyambira. Akunena zoona. Mankhwala ake ndi kuyala pansi pa mabokosiwo maphatikizo khumi ndi awiri okha a tsikulo, osankhidwa mochenjera kuti atulutse mawu enieni angapo, ndipo ena akhale a misampha: pa ndi pha, ta ndi tha, nga ndi ng'a. Apa mpamene luso la wopanga limaonekera, chifukwa awa ndiwo malo amene mlendo amapunthwa. Kupala ndi phala si chinthu chimodzi.

Koma mtima wa masewera otere uli pa mndandanda wa mawu, ndipo pamenepa Wardle anachita chanzeru chimene okopera ambiri sachiona. Anali ndi mindandanda iwiri. Wina unali wa mawu oposa 12,000 amene masewera amawalandira munthu akayesa, wina wa mawu pafupifupi 2,300 okha amene angakhale yankho, ndipo ameneyu anasefa ndi bwenzi lake Palak Shah pochotsa mawu achilendo. Khomo lolowera n'lalikulu, lotulukira n'laling'ono.

Tsopano tayerekezani kuti yankho la lero ndi madzi, ndipo mwana wa ku Minga walemba manzi, momwe amatchulira amayi ake akamamutuma kuchitsime. Masewera opangidwa mwaulesi amugwedezera bokosi n'kumuuza kuti mawu amenewo kulibe. Kulibe bwanji, pamene wamwa manzi m'mawa womwewo? Mwana amene wauzidwa kawiri katatu kuti mawu a kwawo kulibe amasiya kuyesa, ndipo chimene waphunzira si Chinyanja, ndi manyazi. Masewera aluso alandire manzi, abiriwitse ma, ndipo pa nzi aonetse kuti liwu lomaliza lili bwino koma chiyambi cha phatikizo chisinthe. Akapeza madzi, pansi pake palembedwe kuti awiriwa ndi amodzi, wina wa pakhomo, wina wa m'buku. Chimodzimodzi kulya ndi kudya, ng'anda ndi nyumba. Mndandanda wa mayankho ukhale wa Chinyanja cha kusukulu, poti n'chimene mwana adzalembere mayeso, koma wolandira mawu ukhale ndi Chinsenga, ndi Chinyanja cha ku Lusaka, ndi Chichewa cha kutsidya kwa Mchinji. Namwino uja naye apindula, chifukwa odwala ake sadzamupempha madzi a m'buku.

Pali kankhani ka kalembedwe kamene sikangadumphidwe. Chimene Mmalawi amalemba chala, buku la ku Zambia limalemba cala; ntchito ya ku Lilongwe ndi nchito ku Chipata. M'masewera a zilembo kusiyanaku kumasintha chiwerengero cha mabokosi, ndipo wina amaluza pa mlandu umene si wake. M'masewera a maphatikizo cha ndi ca zimakhala m'bokosi limodzi lomwelo, wosewera n'kungosankha kalembedwe ka dziko lake poyamba.

Dzina lokhalokha siliphunzitsa kulankhula. Mlendo amaloweza mudzi, chimanga ndi nthochi pa sabata imodzi, koma patatha chaka akunenabe "chimanga wanga". Choncho yankho likapezeka lisapite lokha, libwere ndi chiganizo chachifupi chosiyidwa mpata: nthochi za ku Nyimba ...psa, chimanga ...thu chauma. Mpata umodzi patsiku, osapitirira. Ndipo mawu atsate nyengo: khasu ndi mbewu mvula ikamayamba, nkhokwe nthawi yokolola, mfumu ndi ng'oma mu Okutobala pamene Ansenga amasonkhana ku mwambo wa Tuwimba. Mawu amene munthu akumana nawo panjira tsiku lomwelo sachedwa kukhazikika.

Pa zonse za Wordle, chimene ndingatenge osasintha ndi ichi: mawu amodzi patsiku, omwewo kwa aliyense. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Zilape sizinkaponyedwa kwa munthu mmodzi ali yekha, zinkaponyedwa pagulu, ndipo olephera ankalipira ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho, anthu n'kuseka. Kulephera kunali mbali ya chisangalalo. Chimene ndingataye ndi kuwerenga masiku otsatizana amene munthu wapambana. Ku New York chiwerengerocho chimayeza khama. Kumudzi kumene foni imatchajidwa pagolosale ndipo bandulo imatha pakati pa sabata, chimayeza thumba ndi magetsi. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazimazima, ndi angati m'Zambia akanachisunga?

Ndipotu masewerawa sakufunikira foni yapamwamba. Mphunzitsi ajambule mabokosi atatu pabolodi, alembe maphatikizo a tsikulo pansi pake. Phatikizo lolondola alizungulize ndi choko, losochera alidule mzere kunsi, lomwe mulibe alithethe. Wailesi monga PASME ya ku Petauke kapena Breeze FM ya ku Chipata itha kuwerenga maphatikizowo m'mawa n'kupereka yankho madzulo, kuti sukulu za ku Minga ndi za ku Nyimba zilimbane ndi mawu amodzi tsiku limodzi. Wopanga ayambe wayesa mndandanda wake pabolodi loterolo kwa teremu yathunthu asanalembe chilichonse pakompyuta, ndipo mawu onse amene ana ayesa koma iye analibe awalembe m'kope.