Muyeso wa Mphunzitsi wa Mpira: Mbiri ya Hervé Renard

Pa masewero onse amene anthu a mu Africa amakonda, palibe amene amautsa mikangano yambiri kuposa mpira wa miyendo. Timu ikagonja, ochemerera sachedwa kufunafuna wolakwa, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mphunzitsi wa timuyo, amene ambiri amamutchula kuti kochi. Timu yomweyo ikapambana Loweruka lotsatira, munthu yemwe uja amasanduka katswiri wosayerekezeka. Kaweruzidwe kotere kali ndi vuto lalikulu, pakuti kamayesa ntchito ya miyezi yambiri ndi zotsatira za mphindi 90 zokha. Mbiri ya Hervé Renard, mphunzitsi wa ku France amene wagwirapo ntchito m'maiko angapo a mu Africa, imaonetsa bwino lomwe kuperewera kwa muyeso umenewu.

M'chaka cha 2004 Renard anapatsidwa timu yaing'ono ya Cambridge United ku England, ndipo anachotsedwa ntchito chaka chisanathe. M'chaka cha 2012 anatenga chikho cha maiko a mu Africa ndi timu ya Zambia. Mu 2014 timu ya Sochaux inatuluka mu ligi yaikulu ya ku France ili m'manja mwake. Mu February 2015 anatenganso chikho cha mu Africa ndi Côte d'Ivoire, nakhala mphunzitsi woyamba kuchitenga ndi maiko awiri osiyana. Mu November chaka chomwecho timu ya Lille inamuchotsa ntchito atangopeza mapointi 13 pa masewero 13. Munthu woweruza poyang'ana zotsatira zokha ayenera kuvomera kuti Renard ankakhala wanzeru chaka china ndi mbuli chaka chotsatira, chinthu chimene sichingatheke.

Chinthu choyamba chimene woweruza wofatsa ayenera kupatula ndicho mwayi. Pa 12 February 2012, mumzinda wa Libreville ku Gabon, Zambia ndi Côte d'Ivoire zinalepherana mphamvu osagoletsana kwa mphindi 120. Masewero ali m'kati, Didier Drogba anaphonya penate. Pomaliza Zambia inapambana 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atagoletsa yotsiriza. Drogba akadagoletsa, mwina dzina la Renard silikadamveka monga momwe linamvekera, chonsecho ntchito imene iye anagwira pokonzekeretsa anyamata ake ikadakhala yomweyo. Mu 2010 mphunzitsi yemweyu ndi timu yomweyi anagonja kwa Nigeria pa mapenate mu ndime ya matimu 8. Mu 2015 Côte d'Ivoire inaphonya mapenate awiri oyamba polimbana ndi Ghana, koma inapambana 9-8, goloboyi Boubacar Barry atagoletsa yomaliza. Mu 2019 Morocco, ili pansi pa Renard, inatulutsidwa ndi Benin pa mapenate, Hakim Ziyech ataphonya penate m'mphindi zomaliza za masewero. Kanayi konseka mphunzitsiyu anangoima kunja kwa mzere wa bwalo, tsogolo lake lili pa phazi la munthu wina.

Nkhanza za muyeso wa zotsatira zimaonekera kwambiri pa François Zahoui, amene ankaphunzitsa Côte d'Ivoire mu 2012. Timu yake inasewera masewero 6 popanda kugoletsedwa chigoli ngakhale chimodzi mpira uli m'kati. Koma popeza chikho chinapita ku Lusaka, patangopita miyezi yochepa mpando wake unapatsidwa kwa Sabri Lamouchi. Kusiyana kwa ngwazi ndi wolephera usiku umenewo kunali penate imodzi.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti Renard anangokhala wamwayi basi. Mwayi unaweruza mphindi zomaliza, koma sindiwo unafikitsa Zambia pamenepo. Chinthu chachiwiri chofunika kuyesa ndicho zipangizo zimene mphunzitsi anapatsidwa poyerekeza ndi zimene anatulutsa. Mlimi wokolola matumba 10 pa nthaka yamchenga akhoza kukhala waluso kuposa wokolola matumba 20 pa dimba lachonde. Côte d'Ivoire inali ndi Drogba wa ku Chelsea, Yaya Touré wa ku Manchester City ndi Gervinho wa ku Arsenal. Osewera ambiri a Zambia ankasewera m'matimu a mu Africa momwemo, monga TP Mazembe ya ku Lubumbashi ndi matimu a ku South Africa. Ngakhale zinali choncho, iwo anagonjetsa Senegal 2-1, Sudan 3-0 ndi Ghana 1-0, ndipo anaimitsa akatswiri a Côte d'Ivoire kwa maola awiri. Timu ikamachita zoposa mphamvu za osewera ake mobwerezabwereza chotere, dzanja la mphunzitsi limakhala lilipo.

Chachitatu ndicho zochita za mphunzitsi zimene maso angathe kuona popanda kudikira mluzu womaliza. Mpikisano wa 2012 uli m'kati, Renard anabweza kumudzi wosewera Clifford Mulenga chifukwa chophwanya malamulo a timu, pofuna kuonetsa kuti palibe wamkulu kuposa gulu. Pa masewero olimbana ndi Ghana analowetsa Emmanuel Mayuka kuchokera pabenchi, ndipo mnyamatayo ndiye anagoletsa chigoli chopambanira. Asanasewere masewero omaliza, osewera anapita kugombe la nyanja ku Libreville kukaika nkhata za maluwa pokumbukira anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndege ya mu April 1993, mwa iwo osewera 18 a timu ya dziko la Zambia. Chisoni chimene chikadatha kuwalemera chinasanduka mphamvu yowamanga pamodzi. Ndipo chikho chitatengedwa, Renard ananyamula m'manja Joseph Musonda, amene anavulala koyambirira kwa masewerowo, kuti akasangalale pamodzi ndi anzake. Mwambo, kudziwa nthawi yosinthira osewera ndi kugwirizanitsa mitima ya anthu ndi ntchito zenizeni za mphunzitsi, ndipo zikadayenera kuyamikiridwa ngakhale Sunzu akadaphonya.

Chilungamo chimafunanso kuti ulemu ugawidwe moyenera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene anatsogolera Zambia pa masewero opezera malo ku mpikisano wa 2012 anali Dario Bonetti wa ku Italy, yemwe anachotsedwa mu October 2011 ntchitoyo itangotheka. Osewera monga Christopher Katongo, Rainford Kalaba ndi Kennedy Mweene anali atasewera limodzi kwa zaka zingapo, ndipo bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo linali pansi pa Kalusha Bwalya, munthu wodziwa mpira kuchokera pabwalo. Renard anakolola pamunda umene ena anathandiza kulima, ngakhale kuti iyenso anali atalimapo kuyambira 2008 mpaka 2010.

Nanga kulephera kwake ku France kumatanthauza chiyani? Yankho lagona pa kusiyana kwa ntchito ziwirizi. Mpikisano wa maiko umatha m'masabata atatu kapena anayi, ndipo chofunika kwambiri ndi kulimbitsa mitima, kutchinga bwino kumbuyo ndi kukonzekera mdani mmodzi pa nthawi. Ligi ya ku France nthawi imeneyo inali ya masewero 38, yofuna kugula osewera mwanzeru, kuwaphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndiponso kupeza njira zogoletsera zigoli kwa miyezi pafupifupi 10. Ku Sochaux Renard anafika mu October 2013 timu ili kale kumunsi, ndipo anailimbitsa mpaka inangotuluka pa tsiku lomaliza itagonja kwa Evian. Ku Lille analephera ndithu. Koma atabwerera ku matimu a maiko, anatengera Morocco ku mpikisano wa dziko lonse wa 2018, koyamba chichokereni 1998, ndipo mu 2022 timu yake ya Saudi Arabia inagonjetsa Argentina 2-1, timu imene pambuyo pake inatenga chikhocho.

Chiweruzo choyenera pa Renard chikhoza kukhala chotere: iye ndi mphunzitsi waluso kwambiri potenga timu ya dziko yonyozedwa n'kuilimbitsa mtima pa nthawi yochepa, koma sanaonetse luso lofananalo pa ntchito yaitali ya mu ligi. Ngakhale m'matimu a maiko ali ndi zofooka zake. Mu 2013 Zambia, ili ndi chikho m'manja, inatuluka mu ndime yoyamba italepherana mphamvu ndi matimu onse atatu, ndipo Saudi Arabia itagonjetsa Argentina inagonja kwa Poland ndi Mexico n'kubwerera kwawo. Mawu awiri akuti "wabwino" kapena "woipa" ndi ochepa kwambiri kuti anyamule mbiri yonseyi.

Nkhaniyi ili ndi kulemera kwake chifukwa chiweruzo chopupuluma chimawononga. Bungwe likachotsa mphunzitsi chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi, kawirikawiri limalipira ndalama zothetsera mgwirizano, osewera amayambanso kuphunzira njira zatsopano, ndipo wobwera m'malomo amaopa kuyesa achinyamata poteteza mpando wake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kuweruza mphunzitsi wa mpira ayambe wafunsa kuti munthuyo anapeza timu yotani, anapatsidwa nthawi ndi chuma chochuluka bwanji, anasankha zotani pamene zinthu zinali m'manja mwake, ndiponso anasiya timu ili bwanji. Akayankha mafunso amenewa ndi pamene angayang'ane pa bolodi la zigoli, podziwa kuti nthawi zina bolodilo limangonena za mpira umene unagunda chitsulo n'kubwerera.