Waya wobwerera m'mbuyo: Code ya Charles Petzold yatulukanso

Amene anaimapo pamzere pachigayo cha magetsi akuwadziwa mabatani awiri aja, lobiriwira ndi lofiira. Wachigayo akadina lobiriwira mota imalira, iye n'kuchotsa chala kukanyamula thumba la chimanga, mota osaleka. Nanga batanilo akuligwirabe ndani? Yankho logwira mtima ndalipeza m'buku la Charles Petzold, Code: The Hidden Language of Computer Hardware and Software, lomwe linatuluka koyamba mu 1999 ndipo Microsoft Press inalisindikizanso mu 2022 atalionjezera mitu yatsopano.

Petzold alibe phuma. Amayamba ndi ana awiri otumizirana mauthenga usiku ndi matochi, n'kudutsa pa zizindikiro za Morse ndi Braille, mpaka kufika pa ma relay a telegalafu. Pomwe akutchula mageti a AND, OR ndi NOR, wowerenga amakhala atawaona kale akumangidwa ndi maswichi.

Mutu wa "Feedback and Flip-Flops" ndiwo ndinaubwereza katatu. Geti ya NOR imatulutsa 1 pokhapokha mawaya ake onse olowa ali pa 0. Tengani ziwiri, waya wotuluka mu iliyonse mukaulowetse mwa inzake. Patsala mawaya olowa awiri, S ndi R, ngati mabatani aja, lobiriwira ndi lofiira. Mukadina S, geti yoyamba imatulutsa 0, yachiwiri n'kutulutsa 1, babu lolumikizidwa kwa iyo n'kuyaka. Tsono 1 ameneyo amabwerera kukatsekereza geti yoyamba pa 0, moti ngakhale muchotse chala babu limayakabe mpaka wina adine R. Zili ngati mpiringidzo wa chitseko: woika anachoka kalekale, koma chitseko chikadali chotseka. Kukumbukira kwa makina kumayambira pamenepo, pa waya wobwerera kumene unachokera. William Eccles ndi F. W. Jordan anazipanga kale mu 1918 pogwiritsa ntchito machubu a magetsi.

Mlembi sabisa chilema cha kamangidwe aka, kotchedwa latch. S ndi R zikadinidwa pamodzi, mageti onse amatulutsa 0, ndipo zimenezi n'zoletsedwa. Apa m'pamene amabweretsa latch ya mtundu wa D, yokhala ndi waya umodzi wa uthenga ndi wina wonena nthawi yousunga. Kenako pamabwera makina owerengera, wotchi, ndipo kumapeto purosesa yotengera Intel 8080. Mitu yomalizayi ndi yolemera, osanama. Imafuna pensulo ndi pepala, osati kuwerenga uli chigonere. Chothandiza n'chakuti zojambula zambiri anaziikanso pa intaneti, pomwe umatha kudina maswichi n'kuona mawaya akusintha.

Dandaulo langa ndi loti mageti a papepala ndi aulemu kwambiri. Nditatenga kachipu ka CD4001, komwe kali ndi mageti a NOR anayi ndi miyendo 14, ndinalumikiza monga pachithunzi, koma kababu kanangophethira kokha ndikayandikitsa dzanja. Vuto linali miyendo yolowa yomwe ndinaisiya ili lendelende. Chipu cha CMOS ngati chimenechi chimafuna kuti mwendo uliwonse wolowa ukhale pa 0 kapena pa 1, motero pa S ndi R pamafunika resistor yokokera pansi. Ukayatsanso magetsi koyamba, latch imagwera mbali iliyonse imene yafuna. Bukuli ndi lophunzitsa kumvetsa, ndipo woti akawotcherere mawaya ayenera kukhala ndi datasheet pambali. Komanso lili m'Chingerezi, ngakhale kuti n'chofewa moti wa Fomu 4 wokonda Physics sangasochere.

Sabata yatha magetsi anazima tili pamzere pachigayo. Atayakanso, mota inangokhala duu. Mayi wina anayamba kudandaula kuti makina afa, koma wachigayo anangopukuta ufa m'manja, n'kupita kukadinanso batani lobiriwira.