Maina a pa Zikwangwani

Bwalo lalikulu la mpira la ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, lasintha dzina katatu. Pa nthaŵi ya atsamunda linkatchedwa Rangeley Stadium. Titalandira ufulu linasanduka Kamuzu Stadium. Boma litasintha m'chaka cha 1994 analitcha Chichiri Stadium, ndipo mu 2004 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anabwezerapo dzina la Kamuzu. Chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi nazonso zinavulidwa dzinalo n'kudzavekedwanso. Kwathu kuno munthu amasintha dzina pa chinamwali chifukwa wakula. Koma malo aŵa ankasintha maina chifukwa wolamula ndiye wasintha.

Palibe angakane kuti Dr Hastings Kamuzu Banda ayenera kukumbukiridwa. Chovuta n'chakuti dzina limodzi linadzaza paliponse: mlatho wa ku Chikwawa, damu la ku Lilongwe, zotsekera madzi za pa Liwonde, sukulu ya ku Mtunthama. Mwana woŵerenga zikwangwani zokhazi angaganize kuti ufulu wa Malaŵi unasenzedwa ndi munthu mmodzi, chonsecho mutu umodzi susenza denga. Orton Chirwa ndiye anayambitsa chipani cha Malaŵi Congress mu 1959, Dr Banda ali m'ndende ku Gwelo, ndipo mwini wake anadzafera m'ndende ya ku Zomba mu 1992. Mai Rose Chibambo anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda kumanja, koma nkhope yawo inadzaoneka pa ndalama ya K200 mu 2012.

Taonani tsono mseu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Limbe. Kale unali Kamuzu Highway, lero ndi Masauko Chipembere Highway, ndipo umadutsa pafupi ndi bwalo lija. Henry Masauko Chipembere anali mmodzi mwa anyamata amene anaitana Dr Banda kuti abwerere kumudzi mu 1958. Aŵiriŵa anasemphana mu 1964. Chaka chotsatira Chipembere anaukira boma ndi zida kuchokera ku Mangochi nalephera, ndipo anamwalira ku America mu 1975 osaliwonanso dziko lake. Lero maina awo ayandikana ngati nyumba za pachibale. Ine ndiona kuti pamenepa, kaya mwadala kaya mwangozi, mbiri yathu yanenedwa moona kuposa pena paliponse, pakuti onse aŵiri anaumenyera ufuluwo ndipo anadana. Chachisoni n'chakuti chikwangwani chimatchula dzina lokha, ndipo wophunzira amene amadutsapo m'maŵa uliwonse sichimuuza kuti Chipembere anali yani.

M'mbali mwa mseu womwewo muli chipatala cha Queen Elizabeth, dzina la nthaŵi ya atsamunda limene palibe boma linalichotsa. Eni mzinda satekeseka nalo: amangoti akupita ku Gulupu, monga momwe a ku Lilongwe amanenera kuti wodwala wawo agonekedwa ku Central.