Maliro a Amuna a m'Sitima ya Hunley: Kodi Analiridwa Moyenera?

Pa 17 April 2004, mu mzinda wa Charleston ku Amereka, munachitika maliro achilendo. Anthu zikwizikwi anaperekeza mafupa a amuna 8 amene anafa zaka 140 m'mbuyomo. Mabokosi anawaika pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, nawayendetsa kuchokera ku gombe la nyanja kufikira ku manda otchedwa Magnolia. Amuna ambiri anavala zovala za asilikali akale, ndipo akazi anavala zakuda monga anamfedwa a masiku aja. M'nkhani ino tifuna kuuweruza mwambo umenewu, kuti tione pamene unakhoza ndi pamene unaperewera.

Poyamba tidziwe mbiri yake. Kuyambira 1861 kufikira 1865 anthu a ku Amereka anamenyana okhaokha. Zigawo za kumwera zinafuna kudzipatula ndi kukhala dziko lapalokha lotchedwa Confederacy, koma za kumpoto zinakana. Zombo za kumpoto zinatchinga doko la Charleston kuti thonje lisatuluke ndiponso mfuti zisalowe. Pofuna kuthyola mpanda umenewo, a kumwera anabwera ndi sitima yoyenda pansi pa madzi. Anaipangira ku Mobile mu 1863, ndipo inatenga dzina la Horace Hunley, mmodzi wa eni ntchitoyo.

Sitimayi inali ya chitsulo, yotalika mafiti 40, ndipo m'kati mwake munthu sakanatha kuimirira. Inalibe injini. Amuna 7 amakhala pa benchi ndi kupukusa ndi manja ao chitsulo chimene chimazunguza chopalasira cha kumbuyo, ndipo wachisanu ndi chitatu amaongolera. Isanapite ku nkhondo inamira kawiri. Pa 29 August 1863 inapha amuna 5, ndipo pa 15 October chaka chomwecho inapha 8, Hunley mwini ali momwemo. Nthawi zonse ziwiri anaivuula, natulutsa mitembo, nafunanso anthu ena oti alowemo.

Usiku wa pa 17 February 1864, George Dixon ndi anzake 7 anapita nayo kukathira nkhondo chombo cha kumpoto chotchedwa Housatonic. Kutsogolo kwa sitima yao kunali ndodo ya chitsulo ya mafiti 16, ndipo kunsonga kwake kunali chitini cha mkuwa chokhala ndi onga wolemera mapaundi 135. Ongawo unaphulika, Housatonic inamira m'mphindi zowerengeka, ndipo amuna 5 anafa. Aka kanali koyamba kuti sitima ya pansi pa madzi imize chombo cha nkhondo. Koma Hunley sinabwerere. Anaipeza m'matope mu 1995, naivuula pa 8 August 2000, mafupa a amuna onse 8 ali m'kati.

Tsopano tione zimene eni mwambo anachita bwino. Akulu anati maliro n'kulirana. Sikoyenera kuti mafupa a munthu asungidwe pa shelefu monga katundu, ngakhale munthuyo anali mdani. Akatswiri anagwira ntchito mosamala ndi mwaulemu. Anapima mafupa ndi mano, napeza kuti anayi mwa amunawo anabadwira ku Ulaya. Anaumba nkhope zao potsata maonekedwe a zigaza, kuti anthu aone kuti awa anali anthu monga ife. Pafupi ndi mafupa a Dixon anapeza ndalama ya golide yopindika, imene inamtchinjiriza ku chipolopolo pa nkhondo ya ku Shiloh mu 1862. Potsiriza anawaika m'manda momwemo mmene munagona anzao a m'ngozi ziwiri zoyamba zija. Pa zonsezi palibe wodandaula.

Cholakwa choyamba chili pa mbendera. Mabokosi anafundidwa mbendera ya Confederacy, ndipo ulendo wa ku manda unasanduka chionetsero cha ulemerero wa dziko limenelo. Nanga mbenderayo inali kuimira chiyani? South Carolina, chigawo chimene muli Charleston, ndicho chinayamba kudzipatula pa 20 December 1860. M'kalata yofotokoza zifukwa zao, atsogoleri ake anadandaula kuti a kumpoto sabweza akapolo othawa. M'chaka chimenecho anthu oposa theka a m'chigawocho anali akapolo akuda, ndipo thonje limene zombo zinatchinga linali kulimidwa ndi manja ao. Hunley ikanathyola mpanda uja, ikanathandiza kuti ukapolo upitirire. Mlandu suola. Zidzukulu za akapolo amenewo zikali kukhala mu Charleston momwemo.

Wina anganene kuti amunawo anafera mbendera imeneyo, ndipo sitingawaike ndi mbendera ya adani ao. Mau amenewa ali ndi nzeru. Komatu kulira munthu ndi kutamanda chimene anamenyera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tingathe kuika mbale wathu m'manda mwaulemu wonse popanda kuvina chifukwa cha mlandu umene unamphetsa. Mwambo wa mu 2004 unasakaniza ziwirizi, kotero kuti woonerera sakanatha kulekanitsa misozi ndi kunyadira.

Cholakwa chachiwiri chili pa kawerengedwe ka akufa. Mayina a amuna a m'Hunley ali pa miyala ndi m'mabuku ambiri, koma a m'Housatonic samveka chomwecho. Anali Edward Hazeltine, Charles Muzzey, John Williams, John Walsh ndi Theodore Parker. Parker anali munthu wakuda. Mlonda amene anayamba kuona chinthu chikuyandama m'madzi usiku umenewo, Robert Flemming, analinso wakuda, ndipo iye anapulumuka. Amuna awa anali kumbali imene kupambana kwake kunathetsa ukapolo mu 1865. Tiwerengenso motere: Hunley inapha adani 5, koma inapha eni ake 21. Mkulu wa nkhondo ku Charleston, Beauregard, analola kuti ipitenso kachitatu ataona mitembo 13. Ng'oma ndi malipenga a pa maliro sizifunsa ngati anachita bwino.

Cholakwa chachitatu chili pa kafotokozedwe ka imfa yao. Chionetsero chimatipatsa chithunzi cha ngwazi zoguba mokongola, koma sitimayo imanena zina. Mafupa anapezeka yense pa malo pake pogwirira ntchito, popanda chizindikiro chakuti anathamangira ku zitseko. Mu 2013 akatswiri anaona kuti chitini cha onga chinaphulika chikali kunsonga kwa ndodo, pafupi kwambiri ndi sitima. Mu 2017 Rachel Lance, wa ku sukulu ya ukachenjede ya Duke, analemba kuti mphamvu ya kuphulikako inapyola chitsulo ndi kuononga mapapo ndi ubongo wa amunawo nthawi yomweyo. Akatswiri ena amatsutsa, ndipo ena amaganiza kuti mpweya ndiwo unawathera. Njira zonse ziwiri zikutionetsa amuna ofera mu mdima, atapinda msana m'chitsulo chopanikiza, ndipo imfa yotere iyenera kutichititsa chisoni koposa kutinyaditsa.

Chifukwa chake chiweruzo chathu ndi ichi. Ntchito ya ovuula ndi opima mafupa inali yabwino, ndipo kuika akufa m'manda kunali koyenera. Koma chionetsero cha mbendera ndi zovala chinabisa zambiri kuposa zimene chinaulula. Sitima yeniyeniyo, imene anaiika m'thanki ya madzi ku Warren Lasch Conservation Center ku North Charleston, ndiyo mphunzitsi woposa, pakuti woiona amadzifunsa yekha chimene chinalowetsa anthu m'menemo. Chikumbutso choona cha Hunley chiyenera kutchula mayina a akufa onse 26, a mbali zonse ziwiri, ndi kunena poyera kuti nkhondo imene anaferamo inali ya ukapolo.