Rsync: Luso Lotumiza Chokhacho Chimene Chasintha

Pulogalamu ikawonongeka mu kompyuta sipakhala maliro, chifukwa Outlook, Thunderbird kapena QuickBooks umatha kuyiikamonso mawa lake. Chimene sichibwerera ndi zimene pulogalamuyo yakhala ikusunga: makalata a zaka zambiri ounjikana mu fayilo imodzi ya .pst, kaundula wa ngongole za makasitomala, malipiro a antchito. Mafayilo otere amakhala aakulu, koma tsiku lililonse amasintha pang'ono chabe. Vuto la backup lagona pomwepa. Kodi fayilo ya magigabyte awiri uziitumiza yonse madzulo aliwonse chifukwa choti mwalowa makalata atatu? Ntchito ikalemera chonchi munthu amayamba kuzengereza, kenaka amasiyiratu.

Mu 1996, ku Australian National University mumzinda wa Canberra, Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa pulogalamu yotchedwa rsync yoyankha funso limeneli. Tridgell anali atadziwika kale ndi Samba, pulogalamu yothandiza makompyuta a Unix ndi a Windows kugawana mafayilo, ndipo nzeru za rsync anazifotokoza mwatsatanetsatane m'kafukufuku wake wa digiri ya PhD wa mu 1999. Masiku amenewo anthu ambiri ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni, pamene fayilo yaikulu inkatha usiku wonse ili m'njira. Aliyense amene amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba lake akudziwa kuti nkhawa imeneyi sinathe.

Mfundo yovuta kumasula inali iyi. Fayilo yakale ili pa kompyuta ya kutali, yatsopano ili pano. Kuti udziwe pamene zikusiyana uyenera kuziika pamodzi, koma kuziika pamodzi ndiye kutumiza kumene ukukupewako. Ziwirizi uzifananiza bwanji zisanakumane?

Anachita motere. Kompyuta yosunga fayilo yakale imaiduladula m'zidutswa zofanana kukula, ndipo pa chidutswa chilichonse imawerengera manambala awiri ochizindikirira, amene akatswiri amati checksum. Nambala yoyamba ndi yopepuka kuwerengera, koma nthawi zina zidutswa ziwiri zosiyana zimatha kutulutsa nambala imodzi. Yachiwiri ndi yolemetsa, koma yodalirika kwambiri. Poyamba inali MD4, kenaka MD5. Chimene chimayenda pa waya ndi mndandanda wa manambalawa basi, kanthu kochepa poyerekeza ndi fayilo yonse.

Tsono wina akanaganiza zoti kompyuta inayo nayonso iduledule fayilo yake mofanana, chidutswa choyamba achifananize ndi choyamba chinzake, chachiwiri ndi chachiwiri. Njira imeneyi imagwa ndi chilembo chimodzi. Ukangowonjezera chilembo kumayambiriro kwa fayilo, zonse zotsatira zimasunthira kutsogolo, malire a zidutswa amasokonekera, ndipo fayilo yonse imaoneka ngati yachilendo. Rsync siyang'ana m'malire okhaokha. Imayesa chidutswa choyambira pa byte yoyamba, tinene kuti chilembo choyamba, kenaka choyambira pa yachiwiri, pa yachitatu, mpaka kumapeto, kufufuza ngati chilipo m'mndandanda uja.

Kuyesa malo mamiliyoni chonchi kukanatopetsa kompyuta iliyonse, ndipo apa ndi pamene pamaonekera dzanja la mmisiri. Nambala yopepuka ija, imene anaikonza potengera Adler-32 ya Mark Adler, siwerengedwa kuyambira pachiyambi nthawi zonse. Kondakitala wa minibasi sawerenganso anthu onse pa siteji iliyonse: watsika mmodzi, wakwera mmodzi, chiwerengero chatsopano ali nacho kale m'mutu. Rsync nayonso ikasuntha, imachotsa byte imene yatsalira m'mbuyo, n'kuphatikiza imene yalowa kutsogolo, basi nambala yatsopano yapezeka. Nambala yolemetsa imawerengedwa pokhapokha yopepukayo ikagwirizana ndi ina ya m'mndandanda. Motero ntchito yochuluka imagwiridwa ndi chida chopepuka, pamene chigamulo chimasiyidwa kwa chida chodalirika.

Zikatero, kompyuta yotumiza imangopereka malangizo: apa ikapo chidutswa chakuti chimene uli nacho kale, apa landira zatsopano izi, apa bwereranso ku zako. Makalata atatu aja amayenda, magigabyte awiri amatsala pamene ali. Mafayilo amene kukula kwake ndi nthawi yosinthidwira sizinasinthe rsync imangowadumpha osawatsegula n'komwe. Ndipo ngati ukukopera pa disiki yolumikizidwa ku kompyuta yomweyo, imaona kuti kufananiza zidutswa n'kutaya nthawi, choncho fayilo yosinthayo imaikopa yonse. Anzeruwa ankadziwanso pamene nzeru yawo sikufunika.

Chimene chimandigwira mtima koposa masamuwa ndi kusamala kwake. Rsync silemba pamwamba pa fayilo yakale. Imamanga yatsopano pambali, pansi pa dzina losakhalitsa, n'kutsimikiza ndi checksum ya fayilo yonse kuti yafanana ndi yochokera, kenaka ndi pamene imaiika m'malo mwa yakaleyo. Magetsi akathima ntchito ili mkati, kope la dzulo la fayiloyo limatsala lamphumphu. Palinso lamulo la --dry-run, limene limakuonetsa zonse zimene zikopedwe ndi zimene zifufutidwe popanda kukhudza kanthu. Wolemba zimenezi ankadziwa kuti m'mafayilomo muli thukuta la munthu.

Ena anamanga pamwamba pa maziko omwewa. Backup imodzi yokha ili ndi ngozi yake: fayilo ikawonongeka lero, madzulo kuwonongekako kumakopedwanso. Lamulo la --link-dest limathetsa zimenezi. Tsiku lililonse limakhala ndi foda yake yooneka yodzaza, koma mafayilo osasintha sakopedwanso, amangolozera ku kope lomwe lilipo kale, kotero kuti mafoda a mwezi wonse amatenga malo ochepa. Time Machine ya Apple, imene inatuluka mu 2007, inabweretsa ganizo lofananalo kwa anthu osadziwa kulemba malamulo a kompyuta, ndipo mapulogalamu monga rdiff-backup ndi duplicity amagwiritsa ntchito njira yofananizira zidutswa ija.

Pali mbali imene chida sichingagwire m'malo mwa mwini kompyuta. Ayenera kudziwa kumene pulogalamu yake imasunga zinthu, monga mu foda yobisika ya AppData pa Windows. Ayenera kutseka pulogalamuyo asanakope, popeza fayilo yogwidwa ili mkati molembedwa imatha kukana kutseguka pa tsiku la tsoka. Katswiri wojambula zithunzi Peter Krogh anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Ndipo nthawi ndi nthawi ayese kubweza fayilo kuchokera ku backup, aone ndi maso ake kuti ikutseguka.

Kope la kutali lija ndi limene anthu ambiri amalephera, chifukwa ndi limene limadya nthawi ndi bandulo. Tridgell ndi Mackerras analipeputsa mpaka munthu angathe kulichita usiku uliwonse, ndipo pulogalamuyo anaipereka kwaulere pansi pa chilolezo cha GPL kuti aliyense aiwerenge, aigwiritse ntchito ndi kuikonza. Disiki ikafa, wochita backup mwezi ndi mwezi amataya ntchito ya masabata, pamene wochita usiku uliwonse amataya ya tsiku limodzi.